Makompyuta Asanu ndi Awiri Opanda Maina

Chaka changa choyamba pa Fingoe

Za ubwana wanga ku Zambia, kumene tinathawira nkhondo, sindilemba pano. Amayi anu amazifotokoza bwino kuposa ine, afunseni. Chimene ndikufuna mudziwe, inu ana anga, ndi mmene bambo wanu, amene lero mumawaseka kuti amawerenga foni ataitalikitsa kumaso, anakhalira tekiniko wa makompyuta opanda dipoloma ngakhale imodzi, ndiponso mmene anatsalira pang'ono kuchotsedwa pa ntchitoyo.

Titabwerera kwathu nkhondo itatha, ndinalembedwa ntchito ku mgwirizano wa alimi ndi oweta ng'ombe pa Fingoe. Chipwitikizi changa chinali chogulira mchere pamsika basi, koma zala zanga zinkathamanga pa taipi, ndipo n'zimene ankafuna. Ntchito yanga inali kaundula wa ng'ombe: mwini wake, mudzi wake, katemera amene zalandira, ndi kalata yolola munthu kusamutsa ng'ombe zake. Bwana wanga woyamba anali a Lungu, bambo wamfupi wosaseka, amene mapepala a kaboni ankawasunga m'thumba la jekete kuopa ife. Zonse zinali zosowa. Riboni ya taipi ikauma tinkaidonthezera mafuta a makina osokera, ndipo pepala tinkalemba mbali zonse ziwiri. Tsiku lina anandituma kudula sitensili, pepala lija lotaipa kamodzi n'kusindikizira makope ambiri, ya makalata osamutsira ng'ombe, ndipo ine ndi changu changa ndinalembapo dzina la munthu amene anali kudikira pakhomo. A Lungu anaiyang'ana nthawi yaitali. "Mbewe," anatero, "sitensili ndi imodzi, anthu ndi ambiri. Pa dzina umasiya mpata, dzinalo umakalitenga m'kaundula. Wandiwonongera." Inali sitensili yotsiriza m'kabati, ndipo mwezi wonse makalata aja ndinawataipa imodziimodzi mpaka zala kutupa.

Chaka changa cha khumi ndi chimodzi

Kompyuta yoyamba itafika ku ofesi inakhala miyezi itatu itafunditsidwa chitenje, chifukwa aliyense ankaopa kuti akaikhudza n'kuwonongeka mlandu ugwera iye. Ine ndinaivundukula, si chifukwa cha kulimba mtima ayi, koma taipi yanga inali itathothoka zilembo ziwiri. Anandituma ku Tete kukaphunzira milungu iwiri. Zina zonse ndinazidziwa powononga n'kukonza, kenaka powerenga pa foni. Anthu anayamba kunditchula a Tekiniko, ine osakana. Pa nthawi imeneyo a Lungu anali atapuma, ndipo mkulu wathu anali a Diretoro Kalisto. Anali munthu wabwino mtima, koma woopa alendo. Aliyense wotsika m'galimoto yochokera ku Tete anali wolondola asanatsegule n'komwe pakamwa.

Chaka cha makumi awiri ndi zitatu, mvula isanayambe

Bungwe lina lothandiza alimi linatipatsa makompyuta asanu ndi awiri, aang'ono akuda, ofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Atatu anali okhala pa Fingoe, awiri ku Chipera, awiri ku Chiputo, ndipo onse ankayenera kugwira ntchito ngati kompyuta imodzi: chimene chalembedwa ku Chiputo chioneke pa Fingoe nthawi yomweyo. Inu mwina simungaone kukula kwake. Munthu wa ku Chiputo wofuna kugulitsa ng'ombe ankapalasa njinga masiku awiri kudzafuna kalata imodzi, n'kupeza mwina ine ndili kumaliro. Masola ndi milongoti yolumikizira malo atatuwo anali ataika kale m'chilimwe. Chotsala chinali kudzutsa makompyutawo, ndipo bungwe linanena kuti lidzatumiza munthu kudzaona ngati onse asanu ndi awiri akulankhulana.

Kompyuta yatsopano sidziwa kanthu. Sidziwa dzina lake, sidziwa malo amene ili, sidziwa nambala imene inzake aziipezera, sidziwanso senya, mawu achinsinsi olowera m'gulu la zinzake. Choncho mumaiikira sikiripiti, kalata ya malangizo imene imawerenga yokha ikayatsidwa koyamba, n'kudzikonza popanda munthu kuigwira. Kampani imene inagulitsa makompyutawo inatumiza injinyeru wake, Nelito, wa ku Tete, wanzeru ndithu koma wothamanga. Iye analemba sikiripiti imodzi, n'kuikopera kasanu ndi kawiri, ndipo m'kope lililonse analowetsa ndi manja dzina, malo, nambala ndi senya. Atatha analemba pa katoni iliyonse ndi cholembera chachikulu: Chipera 1, Chiputo 2, motero.

Ndinamufunsa mwaulemu. "Injinyeru, bwanji osasiya sikiripiti imodzi, mainawo n'kuwaika padera, kompyuta izikawatenga yokha?"

"Epa, madala, zimenezo n'zochedwetsa," anayankha asakundiyang'ana. "Makina ndi asanu ndi awiri okha. Inu mungotsata zolembedwa pa katoni, pronto, basi."

Lachisanu kampani inamuitana ku boma lina. Anati adzabwera pamodzi ndi alendo a ku bungwe lija patapita masiku khumi ndi awiri.

Loweruka ndinasindikiza masikiripiti onse asanu ndi awiri, n'kuwayala patebulo, n'kuyamba kuwerenga ndi rula mzere ndi mzere, monga amachitira wotaipa aliyense amene anakalipiridwapo. Sipanatenge ola. Chipera 2 ndi Chiputo 1 zinali ndi nambala imodzi. Kompyuta yachitatu ya pa Fingoe inali ndi senya ya ku Chipera. Pokopera anaiwala kusintha, cholakwa chimene ndinachidziwa bwino chifukwa ndinachichitapo kambirimbiri pa taipi. Ndinamuimbira foni katatu, sinkalowa. Ndikanatha kungokonza pawiri pajapo n'kukhala chete, ndipo palibe akanadziwa. Koma mtima sunandilole. Ngati ndapeza ziwiri, yachitatu ili kuti? Ndiponso misewu yathu ndinkaidziwa. Kompyuta imene dzina lake lamatidwa m'kati ikakafika ku malo olakwika ndi chitsulo chabe, ndipo chokhacho chotiuza kuti iyi ndi ya kuti chinali cholembedwa pa katoni. Ndinakumbukira a Lungu ndi sitensili yawo, ndipo Lolemba m'mawa ndinagogoda kwa a Diretoro.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anavula magalasi. "A Mbewe, ntchito ya injinyeru wa ku yunivesite inu mukufuna kuitaya?"

"Sindikutaya yonse, shefi. Malangizo ake ndi abwino. Ndikungochotsa maina m'kati mwake kuti akhale kunja."

"Nanga zikakanika alendo ali pano, ndidzati anakupatsani chilolezo ndani?"

Ndisanayankhe anapitiriza, "Chabwino. Mulembe kalata kuti mwasintha mwa kufuna kwanu, ndipo kuti zikakanika tsiku limenelo mudzasiya ntchito. Mukasaina, chitani zimene mukufuna."

Kalatayo ndinaitaipa ndekha, yopanda cholakwa ngakhale chimodzi, n'kusaina. Inu anayi nonse munali pa sukulu, ndipo munthu wa msinkhu wanga wopanda dipoloma akachoka pa ntchito pa Fingoe, kotsala ndi kumigodi ya golide kukanyamula dothi. Kunena zoona ndinachita mantha. Nditawauza amayi anu masana aja, anandiyang'ana akupeta mpunga. "Mwasaina kale?" Ndinati inde. "Ndiye mukundifunsa chiyani? Idyani mubwerere, mukaichite bwino."

Masiku anayi otsatira

Ndinatenga sikiripiti ya Nelito n'kuchotsamo dzina, malo, nambala ndi senya, paliponse n'kusiya mpata. Koyambirira kwake ndinalemba kuti kompyuta ikayaka iyambe yafufuza kafulashi, kaja kosungira zinthu kamene mumalowetsa m'mbali. M'kafulashimo munali kapepala ka mizere isanu yokha: dzina, malo, nambala, senya, ndi nambala ya kompyuta yaikulu ya pa Fingoe, imodzi mwa atatu aja imene zinzake zonse zinkalumikizikako. Sikiripiti inkawerenga mizereyo umodziumodzi, n'kudzaza mipata ija, n'kupitiriza ntchito yake. Motero makompyuta onse asanu ndi awiri anakhala ndi sikiripiti imodzi yomweyo. Kafulashi ndi kamene kanali ka malo, kompyuta inali ya paliponse.

Kuyesa koyamba kunakanika, ndipo ndinatuluka thukuta mpaka malaya kumamatira. Sikiripiti inkafufuza kafulashi mothamanga, kompyuta isanazindikire kuti kalowetsedwa, ndiye inkapeza palibe n'kudzipatsa dzina lopanda kanthu. Ndinaiphunzitsa kudikira: ikapanda kupeza isapitirire, iime, izifunsanso pakapita kamphindi. Ndinawonjezanso kuti ikatenga dzina isiye chizindikiro m'kafulashimo, kuti kompyuta ina isadzatengenso dzina lomwelo. Ndipo poti oyatsa adzakhala alembi athu a kumidzi, mawu onse oonekera pa galasi ndinawalemba m'Chinyanja. Atatu a pa Fingoe anadzuka Lachinayi, wina pambuyo pa mnzake, n'kupezana okha. Ndinaomba m'manja ndili ndekha m'chipinda.

Lachisanu alembi anabwera ku msonkhano wa pamwezi. Wa ku Chipera anali a Zulu, wa ku Chiputo anali mayi Rozina Tembo, mayi wamasiye wolankhula mosabisa, amene kaundula wake anali woyera kuposa wa tonse. Ndinawapatsa tifulashi tiwiritiwiri, koyamba kali ndi mfundo imodzi ya ulusi wofiira, kachiwiri mfundo ziwiri.

"Ndiye kumangolowetsa basi?" anafunsa mayi Rozina.

"Basi, mayi. Ikakuuzani chochita, muchite."

"Ikayamba kundilankhula Chizungu ndiizimitsa, ndikuuziranitu."

"Ilankhula chathu."

Anaseka mosakhulupirira, n'kumanga tifulashito pa nsonga ya chitenje.

Mvula itayamba

Chaka chimenecho mvula inafulumira, ndipo kamyau wa mgwirizano, ndiye kuti lole yathu, anakanirira m'matope asananyamule n'komwe katundu wathu. A Diretoro anaitana anthu a njinga zamoto, aja onyamula katundu kupita kumigodi, motsogozedwa ndi a Jowaki, bambo wa imvi amene msewu wa ku Chiputo ankaudziwa dzenje ndi dzenje. Ine ndinalowa m'kati kukatenga mawaya. Potuluka ndinapeza makatoni anayi ataphwathika n'kutsamiritsidwa kukhoma, makompyuta atakulungidwa m'mapulasitiki, ali m'matumba a chimanga, akumangidwa ndi mphira pa njinga. Umu ndi mmene katundu amamangidwira kwathu m'dzinja, ndipo a Jowaki sanaone chifukwa chofunsa munthu.

A Diretoro anagwira kumutu. "A Jowaki! Makatoni aja anali ndi maina! Tsopano ya ku Chiputo ndi iti?"

"Katoni pa mota ndi mvula imeneyi, shefi? Ikafika ili phala. Komanso makinawa ndi ofanana onse, ndayang'ana."

A Diretoro anatembenukira kwa ine, nkhope itagwa. Ine ndinayesetsa kudzigwira koma zinakanika, ndinaseka mpaka kutsamira chipupa. "A Jowaki," ndinatero, "tengani awiri alionse mupite nawo ku Chiputo. Otsalawo ndi a ku Chipera."

Ndinakwera ndi awiri a ku Chipera. A Zulu analowetsa tifulashi okha ine nditapinda manja, ndipo makompyuta onse awiri anadzuka n'kuipeza Fingoe. Mawa lake ndinalunjika ku Chiputo, koma mtsinje umene a Jowaki anawoloka dzulo lake unali utadzaza mpaka m'mitengo. Ndinadikira tsiku lathunthu pagombe pamodzi ndi anthu a njinga, madzi osatsika, ndipo ndinabwerera ku Fingoe. Ku Chiputo foni imagwira pokhapokha munthu akakwera kaphiri ka kuseri kwa tchalitchi. Uthenga wa mayi Rozina unafika patapita masiku awiri: "Makina afika. Dzuwa kulibe, mabatire afa." Panali patatsala masiku awiri kuti alendo afike, ndipo mitambo sinkasonyeza zochoka.

Tsiku la alendo

Anafika cha m'ma naini, galimoto itadzola matope mpaka pamwamba. Wa bungwe anali Dona Selesite, mayi wamtali wosachedwa ndi malonje, ndipo Nelito anali pambuyo pake. Pa galasi la kompyuta yaikulu panali mndandanda wa makompyuta amene alowa m'gulu. Dona Selesite anawerenga ndi chala. "Cinco," anatero m'Chipwitikizi, kutanthauza asanu. "Ndauzidwa asanu ndi awiri." Ndinafotokoza za mtsinje ndi mabatire. Anati anyamuka thu koloko chifukwa cha msewu, ndipo adzalemba zimene waona ndi maso, osati zimene wauzidwa.

Nelito anatsegula sikiripiti, ndipo nkhope yake inasintha. "Iyi si yanga. Wasintha ndani? Ndi chilolezo cha ndani?" Asanamalize n'komwe, a Diretoro anali atatulutsa kale kalata yanga m'dirowa n'kuiika patebulo pamaso pa alendo. Sindiwaimba mlandu, ndi mmene analili, koma zinandiwawa. Dona Selesite anaiwerenga, anandiyang'ana, n'kuiika pambali pa chikwama chake.

Cha m'ma leveni dzuwa linang'amba mitambo pa Fingoe. Ngati linawalanso ku Chiputo, ine sindinkadziwa. Ndinkatuluka panja kukayang'ana kumwamba mbali ya kumeneko, n'kubwerera kudzayang'ana galasi, n'kutulukanso. Masana anabweretsa mpunga ndi nkhuku, ine sindinadye. Nelito sanadyenso. Anakhala pakona n'kumawerenga sikiripiti yanga mzere ndi mzere kufuna cholakwa, ndipo ine ndinamuikira pambali mapepala ake aja asanu ndi awiri, pamene ndinazunguliza ndi pensulo nambala ziwiri zofanana. Anawayang'ana n'kukanda kumutu.

Wani koloko inakwana, mizere ikadali isanu. Woyendetsa galimoto anayamba kupukuta magalasi. Ndinayamba kuganiza mmene ndikawauzire amayi anu, ndiponso uti mwa inu ayambe kusiya sukulu. Itadutsa hafu pasiti wani, a Diretoro anati, "A Mbewe, taonani." Pansi pa mndandanda panatuluka mzere wachisanu ndi chimodzi: Chiputo 1. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Tonse tinaimirira mozungulira galasi kudikira wotsiriza. Mphindi zisanu, palibe. Khumi, palibe. Dona Selesite anayang'ana wotchi yake, n'kutsegula cholembera. Kenaka, popanda phokoso lililonse, Chiputo 2 inatulukira pansi pa inzake.

Ana anga, m'moyo wanga ndasangalalapo masiku obadwa inu ndi tsiku limene tinawoloka malire kubwerera kwathu. Tsiku ili ndimaliwerengera pamodzi ndi amenewo, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndinakuwa m'ofesi ngati ndili kubwalo la mpira, ine munthu wa imvi, alendo ali pomwepo.

Tisanakhale pansi foni yanga inalira. Anali mayi Rozina, akupuma mwawefuwefu chifukwa chokwera kaphiri kaja. Ndinaikweza mawu kuti onse amve.

"A Tekiniko! Dzuwa latuluka, ndadikira mabatire adye kaye, ndayatsa. Yoyamba yalemba kuti sindikudziwa dzina langa, lowetsani fulashi. Ndaipatsa, yakhala chete n'kuyamba ntchito. Yachiwiri ndasokoneza, ndaipatsa komweko ka mfundo imodzi. Yandikana, a Tekiniko! Yati dzina ili latengedwa kale ndi mnzanga, ndipatseni lina. Ndachita manyazi ngati wandidzudzula ndi munthu. Ndamasula ka mfundo ziwiri, yalandira. Pano panali a Sakala akudikira kalata kuyambira Lolemba, ndalemba kale ng'ombe zawo zitatu. Taonani ngati zafika kumeneko, ine ndikufuna kupita kumunda."

Dona Selesite anatsegula kaundula ndi dzanja lake. Ng'ombe zitatu za a Sakala zinali pamenepo, ziwiri zazikazi ndi mtheno umodzi. Anawerenganso mndandanda ndi chala kuyambira pamwamba. "Sete, asanu ndi awiri," anatero, n'kusaina mapepala ake. Kalata yanga ija anaikankhira kwa a Diretoro ndi nsonga ya cholembera, ngati chinthu chimene sichikumukhudza.

Nelito ananditsatira pakhonde galimoto ikulira kale. Ndinaganiza kuti akufuna kumaliza mkangano, ndipo ndinali wokonzeka. Koma anatulutsa kafulashi kake m'thumba. "Madala, ndili ndi makina makumi awiri oti ndidzutse ku boma lina mwezi wa mawa. Mungandikopere?" Ndinamukopera, n'kumusonyeza pamene sikiripiti imadikira ndi pamene imasiya chizindikiro. Anafunsa mafunso atatu anzeru, ndipo limodzi sindinathe kuliyankha. Tinagwirana chanza, iye n'kukwera galimoto.

Alendo atapita, ofesi inakhala zii. Ndinakolopa matope amene anasiya, n'kuyang'ananso galasi kamodzi kuti nditsimikize kuti mizere ikadali isanu ndi iwiri. Nthawi yoweruka a Diretoro anaima pakhomo pa chipinda changa makiyi ali m'manja. Anatsokomola, anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga. Kupepesa sikunali m'chibadwa chawo, ndipo ine sindinkakuyembekezera.

"A Mbewe," anatero potsiriza, "mawa mubwere nthawi yake ija."

Ndinabwera. Ndipo ndinapitiriza kubwera m'mawa uliwonse mpaka tsiku limene ndinapuma pa ntchito mwa kufuna kwanga, inu nonse anayi mutamaliza sukulu.